Fui yemweyo ndi "ndinapita", yemweyonso ndi "ndinali": nanga ndizisiyanitsa bwanji?

Uthenga wa lero wachokera kwa mchemwali wathu wina amene ali ku Zaragoza, ku Spain, komwe akugwira ntchito yosamalira agogo ena aakazi kunyumba kwawo. Ndaudulako pang'ono poti unali wautali, koma mfundo zake ndi izi:

"Aphunzitsi ndithandizeni, mutu wanga waima. Ndatha chaka ndi miyezi iwiri kuno ndipo Chisipanishi cha tsiku ndi tsiku ndikumayankhulako ndithu, kugula zinthu, kupereka moni, kuwauza agogo kuti amwe mankhwala. Koma ndikati ndifotokoze za dzulo nde zimakanika. Pa foni ndinaloweza kuti fui ndi ndinapita. Tsiku lina agogo akundionetsa zithunzi zawo zakale anati yo fui enfermera, ine nkumadikira kuti amalize kunena komwe anapita, osamaliza. Mwana wawo ndi amene anadzandiuza kuti akutanthauza kuti anali nesi. Ndiye liwu limodzi lomwelo likhale kupita, likhalenso kukhala? Kapena agogowa akusokoneza chifukwa cha ukalamba? Palinso era, pali iba, pali he ido, zonsezi zikungondizungulira m'mutu. Ndimafuna kulemba mayeso a Chisipanishi otchedwa DELE A2 chaka chamawa koma ndikuopa. Kodi mutu wanga ndi wouma kapena ndayamba mochedwa? Ndili ndi zaka 41."

Achemwali, choyamba mtima pansi. Agogowo sanasokoneze kanthu, anayankhula Chisipanishi chokhoza bwinobwino, ndipo inunso foni yanu sinakunamizeni. Fui ndi ndinapita, fui ndi ndinalinso, zonse ziwiri nzoona. Pa zaka zonse zomwe ndakhala ndikuphunzitsa chilankhulochi sindinaonepo kalasi yomwe inadutsa pa malo amenewa popanda wina kukweza dzanja nkufunsa funso lanu lomweli, achinyamata a zaka 19 ndi akuluakulu omwe. Za zaka 41 zo musazitchulenso, munthu amene waphunzira kugula, kupereka moni ndi kusamalira wodwala m'chilankhulo chachilendo m'chaka chimodzi mutu wake suli wouma ayi.

Nkhani yake ndi yoti aneni awiri, ser (kukhala chinachake, monga kukhala nesi, kukhala wamtali) ndi ir (kupita), akafika pa nthawi yakale yomwe aphunzitsi amaitcha pretérito indefinido amafanana ndendende, palibe olo lembo limodzi losiyana. Ine ndi fui, iwe ndi fuiste, iye ndi fue, ife ndi fuimos, inu ambiri ndi fuisteis, iwo ndi fueron. Mawu sikisi basi. Ndimawauza ana asukulu anga kuti apa mwagula chimodzi mwapatsidwa china cha ulere, mukaloweza mzere umodziwu mwamaliza aneni awiri omwe amamveka kwambiri tsiku ndi tsiku.

Nanga zinatheka bwanji? Chisipanishi chinachokera ku Chilatini, ndipo m'Chilatini fui, fuisti, fuit, fuimus, fuistis, fuerunt anali a mneni wa kukhala yekha, esse. Mneni wa kupita, ire, anali ndi nthawi yake yakale yaifupi kwambiri, tinthu ngati ii, ndipo timeneti tinafa pakamwa pa anthu m'kupita kwa nthawi, malo ake nkulowa fui uja. Ndipo mukaganiza bwino sizodabwitsa, ifenso timachita zomwezo. Munthu akakufunsani kuti "dzulo sindinakupezeni pakhomo bwanji?" mumayankha kuti "ndinali kumsika", ndipo aliyense amamva kuti munapita kumsika. Amene anali kwinakwake ndiye kuti anapitako. Anthu a ku Spain ndi ku Portugal anangoitenga njira imeneyi mpaka kumapeto kwake. Mneni ir nde ndi wosokerera zigamba zitatu, voy ndi vas zinachokera ku liwu lina la Chilatini, vadere, iba ndi iré zinachokera ku ire, pomwe fui anabwerekedwa kwa esse. Nchifukwa chake mukamayang'ana voy, iba, fui simuona kufanana kulikonse, sikuti maso anu ndi olakwika, ndi mabanja atatu osiyana akukhala nyumba imodzi.

Komanso taonani Chichewa chathu chomwechi. Timati ndili, ndinali, koma za mawa sitinena kuti "ndidzali", timakabwereka kwa kukhala nkunena kuti ndidzakhala. Ndiye kukhala komweko ndi kukhala pansi, ndi kukhala m'mudzi, ndi kukhala mphunzitsi. Wina akati "anakhala pampando" ndipo wina akati "anakhala mfumu", munayamba mwasokonezekapo? Olo tsiku limodzi. Khutu lanu limangodikira liwu lotsatira nkudziwa. Mzungu amene akuphunzira Chichewa amavutika pamenepa ngati mmene mukuvutikira inu ndi fui, koma inu simunaphunzitsidwe ndi munthu, munangozolowera. Chomwe ndikufuna muchite ndi chimenecho, musamaime pa fui, muzimvetsera chomwe chikubwera kutsogolo kwake.

Kutsogoloko kukabwera a kapena al, nthawi zambiri ndi kupita. Fui al mercado, ndinapita kumsika. Fuimos a la iglesia, tinapita kutchalitchi. Fue a comprar pan, anapita kukagula buledi. Chimodzimodzi akatchula choyendera kapena woyenda naye, fui en autobús, ndinapita pa basi, fui andando, ndinapita wapansi, fui con mi prima, ndinapita ndi msuweni wanga. Koma kukabwera dzina la ntchito, kapena mfotokozi, ndiye kuti ndi ser. Fui enfermera ya agogo ija. Fue difícil, zinali zovuta. Fue un accidente, inali ngozi. No fui yo, si ine ndinachita. Chitsanzo chomwe anyamata m'kalasi sachiiwala ndi cha mpira. Mu 2010 timu ya dziko la Spain fue a Sudáfrica, inapita ku South Africa, ndipo pa 11 July ku Johannesburg itagonjetsa Netherlands ndi chigoli cha Andrés Iniesta, fue campeona del mundo, inakhala akatswiri a dziko lonse. Fue yemweyo kawiri m'nkhani imodzi, koma palibe amene angamve kuti timu inapita kwa akatswiri.

Mukakayika, bwezerani chiganizocho ku lero nkuona chomwe chikukwana, soy kapena voy. Soy enfermera zikumveka, voy enfermera sizikumveka, nde mwadziwa. Voy al mercado zikumveka, soy al mercado ayi.

Pali malo amodzi pomwe lamulo la a lija limakunamizani ndipo ndibwino ndikuuzirenitu. La misa fue a las diez. Pali a, koma sikupita, akunena kuti misa inali 10 koloko. Mi hermana fue a las diez nde ndi kupita, mchemwali wanga anapita 10 koloko. Kusiyana kwake muzikuona pa mwini nkhani, misa, ukwati, msonkhano, maliro, mayeso zilibe miyendo, sizingapite kulikonse, zimangochitika. Choncho la boda fue en Madrid ndi ukwati unachitikira ku Madrid. Mudzamvanso fue kutsogolo kwa mawu othera -ado kapena -ido, makamaka pa nkhani za pa TV ndi m'manyuzi, monga fue detenido, anamangidwa, fue operada, anachitidwa opaleshoni. Ameneyonso ndi ser, akugwira ntchito yomwe -idwa ndi -edwa amagwira kwathu.

Tsopano ndikuuzeni zoona, pomwe ine ndimaona kuti ndi povuta penipeni kwa munthu woyankhula Chichewa si pa fui wa kupita ndi fui wa kukhala, zimenezo mukhala mutazizolowera mwezi usanathe. Povuta ndi pa liwu lathu loti ndinali, chifukwa limodzi lomweli Chisipanishi chinaligawa panayi, fui, era, estuve ndi estaba. Apa nde pofunika kudekha.

Tiyambe ndi kupita, poti kumeneko Chichewa chimatithandiza kale. Ndinapita ndi fui, ndinkapita ndi iba. Basi. El sábado fui al mercado, Loweruka ndinapita kumsika, kamodzi, zinatha. Iba al mercado todos los sábados, ndinkapita kumsika Loweruka lililonse. Iba al mercado cuando me llamaste, ndinali pa ulendo wa kumsika pomwe unandiimbira. Kusiyana kwa -na- ndi -nka- munakudziwa muli mwana, mungokusamutsa. Mzere wake ndi iba, ibas, iba, íbamos, ibais, iban.

Fui ndi era nde alibe mnzake m'Chichewa, onse timangoti ndinali. Mmene ndimafotokozera ndi chonchi. Era ndi kuyala mphasa, fui ndi chomwe chachitikira pa mphasapo kapena chinthu chomwe mwachikulunga nkuchiika pambali. Agogo akamayamba nthano kwathu amati padangokhala, kwa Asipanishi amati érase una vez, ndipo mukuona era alimo, chifukwa akungoyala nkhani, sinayambe kuyenda. Cuando era niña, pomwe ndinali kamtsikana. La casa era pequeña, nyumbayo inali yaing'ono. Era enfermera cuando conocí a mi marido, ndinali nesi pomwe ndinakumana ndi amuna anga, apa unesiwo ndi mphasa chabe, nkhani yeniyeni ndi kukumanako. Koma agogo anu atagwira chithunzi nkunena kuti fui enfermera, anali kuyang'ana moyo wawo wonse wa ntchito ngati mtolo umodzi womangidwa kale, unayamba, unatha. Nchifukwa chake pakatchulidwa kutalika kwa nthawi pamalowa fui, fui enfermera treinta años, ndinali nesi zaka 30. Mukati era treinta años khutu la mwini chilankhulo limakana. Ndiye mudzifunse, kodi ndikujambula mmene zinthu zinalili, kapena ndikutseka mutu wa nkhani? Poyamba muzilakwitsa ndithu, aliyense amalakwitsa, ndipo anthu adzakumvanibe.

Chenjezo laling'ono pamenepa. Mukamakamba za munthu wamoyo samalani ndi fue. Mi madre fue muy trabajadora ambiri amva ngati amayi anu anatisiya, chifukwa mwatseka mtolo. Ngati ali moyo ndipo akulimbikirabe nenani es, ngati mukukumbuka za kale nenani era.

Estuve ndi estaba ndi a estar, mneni wa malo omwe munthu ali ndi mmene akupezera m'thupi. Cholakwika chomwe ndimachimva sabata iliyonse ndi fui en el hospital. Munthu akufuna kunena kuti ndinali kuchipatala, watenga ndinali wake nkumusandutsa fui. Ayi. Muli ndi njira ziwiri, fui al hospital, ndinapita kuchipatala, kapena estuve en el hospital, ndinali kuchipatala. Potchula malo omwe munthu anapita kapena anali, fui amayenda ndi a, estuve amayenda ndi en, muzilowezere pamodzi choncho ngati mwamuna ndi mkazi wake. Kudwalanso ndi estar, estuve enferma, ndinadwala, osati fui enferma. Pa ntchito yanuyo izi si za mayeso okha, tsiku lina dokotala kapena mwana wa agogowo adzakufunsani mmene usiku unathera ndipo mudzafunika kunena momveka kuti fue al baño tres veces, anapita kuchimbudzi katatu, estuvo mareada, anachita chizungulire, no fue nada grave, sichinali chinthu choopsa. Ziganizo zitatu zimenezi lembani papepala mumate pa chitseko cha kabati, chifukwa munthu ukachita mantha mawu amathawa.

Palinso ka me, te, se komwe kamasintha tanthauzo. Fui ndi ndinapita kwakutikwakuti, me fui ndi ndinachoka. Me fui a las ocho, ndinachoka 8 koloko. Se fue la luz, magetsi apita, ndendende mmene timanenera ife. Koma se fue ali ndi mbali ina yolemera yomwe ine ndinaiphunzira mowawa. Chaka changa choyamba ku Spain ndinkachita lendi chipinda kwa mayi wina wachikulire. Pa balaza panali chithunzi cha bambo atavala suti yakuda, chili mu felemu yamatabwa pamwamba pa kansalu koluka, pambali pake kandulo kakang'ono. Tsiku lina tikumwa khofi mayiwo anachiyang'ana nkunena chapansipansi kuti se nos fue en marzo. Ine ndinamva fue, ndinamva mwezi wa March, nkufunsa kuti ¿adónde?, anapita kuti. Mayiwo anakhala chete kanthawi, anaika kapu pansi, nkuloza kumwamba ndi chala. Anali amuna awo, anamwalira miyezi ingapo ine ndisanabwere. Sanakwiye, anandigwira dzanja nkundifotokozera, koma mpaka lero ndimakumbuka mmene kapu ija inalirira pa sosala. Se nos fue ndi anatisiya, mawu athu omwe aja a pa maliro. Inu mukugwira ntchito ndi okalamba, anzawo ambiri anatsogola, mudzawamva mawu amenewa kawirikawiri. Yankho lake ndi lo siento mucho, pepani kwambiri.

Lina lomwe limandisangalatsa chifukwa likufanana ndi lathu ndi ¿cómo te fue?, zinakuyendera bwanji? Me fue bien, zinandiyendera bwino. Me fue mal, sizinandiyendere. Ndi ir ameneyo, kuyenda kwa zinthu, ngati kuti anatimvera ife tikuyankhula.

Za he ido zija. Apa Chichewa chikukuthandizaninso, ndapita ndi ndinapita. He ido ali pafupi ndi ndapita, za lero, za mmawa uno, za sabata ino, nthawi yomwe sinatseke. Fui ndi za dzulo, za chaka chatha. Ku Zaragoza, ku Madrid ndi madera ambiri a Spain mudzamva hoy he ido al médico koma ayer fui al médico. Ndipo apa ser ndi ir amasiyana, he sido ndi wa ser, he ido ndi wa ir. Kungoti ku Galicia, ku Asturias, ku zilumba za Canarias ndi maiko ambiri a ku Latin America anthu amakonda fui olo pa za lero lomwe, hoy fui al médico. Poti ntchito yosamalira okalamba ku Spain muli azimayi ambiri ochokera ku Honduras, Ecuador, Colombia, Peru ndi kwina, mukakhala nawo pa benchi ku paki mudzamva hoy fui, mukalowa m'nyumba agogo akuti hoy he ido, nkumaona ngati wina akulakwitsa. Palibe akulakwitsa. Anzanu a ku America aja sagwiritsanso ntchito fuisteis, iwo amati ustedes fueron. Ine langizo langa nloti tsatirani za m'nyumba yomwe mukugwira ntchito ndi mzinda womwe mukukhala, zinazo muzingozimva. Samalani chabe kuti ndapita wathu wotsanzika uja, woti "ine ndapita, tionana", si he ido, ameneyo ndi me voy.

Pali zolakwika ziwiri zomwe ife oyankhula Chichewa timazichita kawirikawiri. Choyamba ndi ulemu. Ife munthu wamkulu timamuchulukitsa, amayi anapita, abambo anali. Nde pakamwa pamafuna kunena mi madre fueron, chifukwa mi madre fue ikumveka ngati mwano, ngati ukunena kuti mayi wapita ngati mwana. M'Chisipanishi munthu mmodzi ndi fue olo akhale mfumu, olo Papa amene. Ulemu wawo uli mu usted (inu waulemu), ndipo usted amatenga fue. Kwa agogowo, ngati simunauzidwe kuti muziwatchula tú (iwe), muziti ¿adónde fue usted?, munapita kuti. Mukati fueron ayamba kudabwa kuti enawo ndani. Chachiwiri ndi liwu loti gente, anthu. Kwa ife anthu ndi ambiri, kwa iwo la gente ndi chinthu chimodzi, la gente fue, osati la gente fueron.

Katchulidwe ndingodutsapo mwachangu. Fui ndi phatikizo limodzi, fwi, ndipo fue ndi fwe, osati fu-i, fu-e. Lilime lathu limakonda kutseka liwu lililonse ndi lembo la liwu, nde fuimos amatuluka fwimosi, fueron amatuluka fweroni. Yesetsani kudula pa s ndi pa n pomwepo. R ndi l kwathu timazisinthanitsa popanda vuto koma kumeneko pero ndi koma, pelo ndi tsitsi, choncho r wa mu fueron ndi era amafuna lilime ligunde kamodzi kuseri kwa mano a m'mwamba, mwachangu. Abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amene anaphunzira Chipwitikizi ali ndi mwayi pamenepa, poti nacho chili ndi fui, foste, foi, fomos, foram za aneni awiri omwewa, nzeru yake anaizolowera kale. Vuto lawo limangokhala loti foi amawatulukira m'malo mwa fue, ndinali ndi mnyamata wina m'kalasi amene zinamutengera teremu yathunthu kuti amusiye.

Polemba, fui ndi fue alibe kachizindikiro kaja pamwamba. Anthu ambiri amakaika chifukwa aneni ena amathera nako, monga comí, hablé, koma Real Academia Española, bungwe loona za malamulo a Chisipanishi, inakachotsa pa fue, fui, vio ndi dio m'malamulo omwe anayamba kugwira ntchito mu 1959. Ngati agogo anu anaphunzira sukulu chaka chimenecho chisanafike, tembenuzani zithunzi zija muone kumbuyo, mwina mupeza analemba fué ndi kachizindikiro, ndi mmene anawaphunzitsira. Inu musatengere. Mudzamvanso anthu ena, eni chilankhulo amene, akuti fuistes ndi s kumapeto. Zimachitika chifukwa pa nthawi zinazo za mneni tú amathera s, vas, ibas, eres, nde pakamwa pamangowonjezera. Pa msewu palibe angakudzudzuleni koma pa mayeso ndi cholakwika, chokhoza ndi fuiste. Ndipo mukadzakumana ndi fuera musadabwe, nthawi zambiri pa mlingo wanu amatanthauza panja, está fuera, ali panja. Fuera wina wa si yo fuera, ndikanakhala ine, mudzamuphunzira mtsogolo, musiyeni kaye.

Nanga muphunzire bwanji? Ine mapulogalamu a pa foni sindiwada, amathandiza kuloweza, koma ndi omwe anakupatsani fui ndi tanthauzo limodzi nkukusiyani panjira. Liwu lokhalokha lilibe ntchito, lowezani tiziganizo. Gulani kope laling'ono, usiku uliwonse musanagone lembani mizere isanu ya tsiku la dzulo, zoona zenizeni za moyo wanu osati za m'buku. Ayer fui a la farmacia. Fue un día largo. Estuve en casa por la tarde. Mukalemba muwerenge mokweza kawiri, pakamwa pazolowere. Pakatha masabata awiri yambani kusintha mwini nkhani, lero lembani za agogo ndi fue, mawa za inu ndi mnzanu ndi fuimos. Musathamangire kuloweza aneni onse osatsata lamulo tsiku limodzi. Akubwera ndithu, tuve wa tener, hice wa hacer, dije wa decir, pude wa poder, vine wa venir, koma amenewo ali ndi kachitidwe kawo kofanana ndipo amalowa mosavuta fui akakhazikika. Sabata imodzi mneni mmodzi zakwana kwa munthu amene akugwiranso ntchito tsiku lonse.

Choopsa chomwe ndimachiona kwa anthu ogwira ntchito m'nyumba ndi choti amapeza njira yozembera. Amati ayer voy al mercado, dzulo ndikupita kumsika, abwana amamva, palibe akuwakonza, zaka faifi nkutha akuyankhula choncho, ndipo kuchotsa chizolowezi chimenecho nkovuta kuposa kuphunzira koyamba. Inu muli pa chaka chimodzi, nthawi yake ndi ino. Muwapemphe agogowo kapena mwana wawo kuti azikukonzani, corríjame, por favor, chifukwa ambiri amachita manyazi kukonza munthu wamkulu asanapemphedwe.

Pa nkhani ya mayeso, DELE amaperekedwa kudzera ku Instituto Cervantes, bungwe la boma la Spain lophunzitsa Chisipanishi, ndipo A2 ili ndi magawo anayi, kuwerenga, kumvetsera, kulemba ndi kuyankhula. Kufotokoza zomwe zinachitika kale ndi mbali ya mlingo umenewu, nde fui simungamuzembe, koma safuna kuti mukhale osalakwitsa olo pamodzi, amafuna muzimveka. Savutanso kuti mwayankhula Chisipanishi cha ku Spain kapena cha ku America, bola chikhale chokhoza. Zitsanzo za mayeso zilipo zaulere pa intaneti pa tsamba la Cervantes, tsitsani chimodzi muyese nokha muli ndi wotchi pambali. Ngati cholinga chanu ndi cha mapepala a unzika, dziwani kuti pamafunikanso mayeso ena a CCSE okhudza malamulo ndi chikhalidwe cha dzikolo, koma za zaka zofunika ndi mapepala ake mukafunse ku ofesi yoona za alendo kapena kwa loya, zimenezo si za mphunzitsi wa chilankhulo.

Ndiye mufune thandizo la munthu liti? Ine ndingati mukalemba m'kope muja miyezi iwiri koma fui ndi era, kapena fui ndi estuve, zikusakanikiranabe mwachisawawa, kapena mukuona kuti polemba mukukhoza koma pakamwa zikukanika, musalimbane nazo nokha. Pamenepo pamafunika munthu wokumvetserani nkukukonzani pompopompo. M'mizinda yambiri ya Spain Escuela Oficial de Idiomas imaphunzitsa Chisipanishi kwa alendo pa mtengo wotsika, kulinso sukulu za anthu akuluakulu za boma, komanso mabungwe othandiza anthu a Cruz Roja (Red Cross) ndi Cáritas amakhala ndi makalasi aulere kwa obwera. Funsani za makalasi a madzulo kapena a tsiku lanu lopuma, ndipo olo musanafike povutika, miyezi itatu yomaliza mayeso asanafike pezani mphunzitsi woti muyesere naye gawo la kuyankhula, chifukwa ndi pomwe ambiri amanjenjemera. Za agogo kusokoneza zija, pa fui enfermera sanasokoneze, koma poti ndinu amene mumakhala nawo tsiku lonse, mukadzaona kuti akuiwala mayina a ana awo, akusokoneza masiku, kapena akufunsa chinthu chomwecho mobwerezabwereza, muwauze achibale msanga kuti awatengere kwa dokotala.

Mphunzitsi wanu wabwino kwambiri ali m'nyumba momwemo ndipo ali ndi bokosi la zithunzi. Mawa mukamaliza kuwapatsa chakudya cha masana litulutseni, mukhale nawo pafupi. Lozani chithunzi cha ukwati mufunse ¿dónde fue la boda?, ukwati unachitikira kuti. Lozani cha kunyanja mufunse ¿adónde fueron ese verano?, munapita kuti ndi banja lanu chilimwe chimenecho. Mukafika pa chija avala yunifolomu yoyera, funsani ¿cuántos años fue usted enfermera? Kope likhale pa miyendo, fue ndi fuimos aliyense amene atuluke mulembe pamodzi ndi liwu lomwe latsatira, usiku mukhale pansi muziike mbali ziwiri, za kupita uku, za kukhala uku. Zomwe zikaneni kulowa mbali iliyonse munditumizire tidzaonere limodzi.